Kuifunsa mafunso nambala ya kalembera: 17,563,749

 Zikomo pondiitana kuno ku Domasi Mishoni. Zikomonso kwa amene afufuta bolodi n'kundisiyira choko chochuluka, pakuti lero chitha.

Pabolodipo ndalembapo nambala imodzi yokha: 17,563,749. Ena mwaizindikira kale. Chimenechi ndi chiwerengero cha anthu amene anapezeka m'dziko muno pa kalembera wa mu Seputembala 2018, amene anayendetsa a National Statistical Office, omwe likulu lawo lili pa Zomba pomwepa. Akazi anapezeka 9,042,289, amuna 8,521,460. Ngati nthawi imeneyo munali m'Malawi, ndipo alembi aja anafika pakhomo panu ndi tabuleti m'manja n'kuyamba kufunsa za anthu a m'nyumba mwanu, ndiye kuti inunso muli momwemo.

Musayembekeze kuti ndikamba za kuchepa kwa minda kapena za kulera. Zimenezo zili ndi eni ake. Ine ndabwera ndi nkhani ya nambalayo payokha, ngati mmene munthu wa masamu amaionera: kukula kwake, zimene zimaigawa, ndi magulu amene imalowamo. Ndipo malo ano ndi oyenera nkhani yotere. A Alexander Hetherwick, mbusa wa Church of Scotland amene anatsegula mishoni ino mu 1884, anali ataphunzira masamu ku yunivesite ya Aberdeen asanalowe maphunziro a ubusa, ngakhale kuti ife timawakumbukira kwambiri chifukwa cha mabuku awo a Chiyao ndi Chinyanja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma linatsegula Jeanes Training Centre m'chigwa chomwe chino, ndipo lero kuli Malawi Institute of Education, kumene amakonza masilabasi ndi mabuku a ana athu, komanso Domasi College of Education. Zimene mphunzitsi wamva ku Domasi sizithera ku Domasi. Zimakafika ku Chitipa, zimakafika ku Nsanje.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba, nambalayi ndi yayikulu bwanji. Yachiwiri, ndi nambala ziti zimene zimaigawa osatsala kanthu, pamenepa tikhalitsapo. Yachitatu, ili m'magulu ati. Yachinayi, ndi zinthu ziti zimene nambalayi singatiuze. Ponseponse ndizibwereza funso limodzi limene ndikufuna mukalitengere m'makalasi mwanu: mwadziwa bwanji? Mwana akakupatsani yankho, ngakhale lolondola, mufunseni kuti wadziwa bwanji.

Mfundo yoyamba: kukula kwake.

Mwana wa Sitandade 5 atha kukuuzani kuti nambalayi ili ndi madijiti 8. Koma kudziwa madijiti si kudziwa kukula. Tiyerekeze kuti mwaima pakhomo pa tchalitchi, anthu onsewa akudutsa mmodzimmodzi, munthu mmodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, inu osagona, osadya. Tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400. Gawani: mupeza masiku 203 ndi maola pafupifupi 7. Mutayamba pa 1 Januwale, chimanga chisanamasule ngayaye, womaliza adzakudutsani chakumapeto kwa Julayi, chimanga chija chili kale m'nkhokwe.

Tsono tiwaimike anthuwa m'mizere yofanana, kuti mizere ichuluke mofanana ndi anthu a mumzere umodzi. Mizere 4,190 ya anthu 4,190 itenga anthu 17,556,100, ndipo 7,649 atsala panja. Tikati mizere ikhale 4,191 ya anthu 4,191, onse alowa, koma patsala mipata 732 yopanda munthu. Aliyense tikampatsa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, mtundu wonse wa Amalawi ukwana pabwalo la makilomita 4.2 mbali iliyonse. Nambala imene imafuna miyezi 7 kuti muiwerenge ikukwana pamalo oti munthu wa njinga awazungulira asanatope. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo mwana amene waziwerengetsa yekha sadzaopanso dzina loti miliyoni.

Pali njira yachitatu yoyezera, imene ine ndimaikonda kuposa zinazo. Ndaganiza munthu mmodzi mwa anthu 17,563,749. Inu mundifunse mafunso, ine ndiziyankha kuti inde kapena ayi basi. Mufunika mafunso angati kuti mumupeze? Ambiri amati mamiliyoni. Ayi, mafunso 25 akwana, bola funso lililonse lizidula gulu lotsala pakati. Funso limodzi limasiyanitsa anthu 2, awiri amasiyanitsa 4, atatu 8. Pitirizani kuchulukitsa ndi 2: mafunso 10 afika pa 1,024, mafunso 20 afika pa 1,048,576, mafunso 24 afika pa 16,777,216, pamene paperewera pang'ono, la 25 likupitirira mpaka 33,554,432. Pa kalembera wa 1966, woyamba dziko litalandira ufulu, anthu anapezeka 4,039,583, ndipo pamenepo mafunso 22 akanakwana. Anthu achuluka kuposa kanayi, koma mafunso aonjezeka atatu okha. Kompyuta imasunga nambala mwa njira yomweyi ya inde ndi ayi, 1 ndi 0, ndiye yathuyi imailemba ndi madijiti 25.

Mfundo yachiwiri: zimene zimaigawa.

Tiyambe ndi zosavuta. Dijiti yomaliza ndi 9, choncho 2 saigawa, 5 saigawa, 10 saigawa. Anthu onsewa ataima awiriawiri, mmodzi atsala yekha. Tikanatha kuzidziwa izi poyang'ana akazi ndi amuna: chiwerengero cha amuna chimagawika ndi 2, cha akazi chimatsala 1, ndiye mukaziphatikiza 1 uja sasowa.

Nanga 3? Lamulo mukulidziwa: phatikizani madijiti. 1 + 7 + 5 + 6 + 3 + 7 + 4 + 9 = 42. Poti 3 amagawa 42, amagawanso nambala yonseyo. Poti 9 sagawa 42, sagawanso nambala yonseyo. Koma mwadziwa bwanji kuti lamuloli ndi loona? Apa ndi pamene ndimadandaula ndi kaphunzitsidwe kathu. Ana amaliimba lamuloli ngati nyimbo, amakhoza nalo mayeso, koma muwafunse chifukwa chake, kalasi yonse zii. Chikhalirecho chifukwacho n'chachifupi zedi. 10 ndi 9 kuphatikiza 1. 100 ndi 99 kuphatikiza 1. 1,000 ndi 999 kuphatikiza 1. Tengani 700 wa m'nambala yathu: ndi 7 kuchulukitsa 99, kuphatikiza 7. Gawo la 99 limagawika ndi 3 komanso ndi 9, ndiye tilichotse. Watsala ndi 7, dijiti yeniyeniyo. Chitani chimodzimodzi ndi malo aliwonse, mupeza kuti zotsala ndi madijiti okhaokha. Basi. Kufotokoza kumeneku sikutha mphindi zisanu, ndipo mwana amene wakumva sangasokonezenso lamulo la 3 ndi la 4.

Tsopano 7. Ambiri tinauzidwa kuti 7 alibe njira yachidule, kuti tizingogawa. Ilipo njira, ndipo imagwira nambala zitatu nthawi imodzi. Chulukitsani 7 × 11 × 13, mupeza 1,001. Choncho 1,000 ndi 1,001 kuchotsa 1, pamene 1,000,000 ndi 999,999 kuphatikiza 1, ndipo 999,999 ameneyu ndi 1,001 × 999. Tanthauzo lake n'lakuti tikhoza kudula nambala yathu pamakoma aja, n'kutenga zidutswazo mosinthanasinthana, china kuphatikiza, china kuchotsa: 749 − 563 + 17 = 203. Chilichonse mwa 7, 11 ndi 13 chimene chigawe 203 chigawanso 17,563,749. Yesani. 203 ndi 7 × 29, choncho 7 walowa. Ndi 11 patsala 5, ndi 13 patsala 8, choncho awiriwo akanika. Nambala ya madijiti 8 tayifunsa mafunso atatu pa mzere umodzi wa kope.

Tigawe tsono. 17,563,749 ÷ 3 = 5,854,583. Ameneyu madijiti ake akuphatikizana kukhala 38, ndiye 3 salowanso kachiwiri. Mukamuyang'ana 5,854,583 mungaganize kuti palibe chomugawa, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: tadziwa kale kuti 7 ali momwemo. 5,854,583 ÷ 7 = 836,369.

Apa ndiye payambira ntchito yeniyeni. Kodi 836,369 amagawika, kapena ndi nambala ya prime, ija imene imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13? Maso sangatiuze. Njira ya 1,001 ija ikutipatsa 836 − 369 = 467, ndipo 7, 11 ndi 13 onse akanika kugawa 467. Ndi 13 zinangotsala pang'onong'ono: 13 × 64,336 = 836,368, kuperewera 1 yekha. Koma m'masamu kuperewera 1 ndi kuperewera basi. Ndi 17 patsala 3. Ndi 19 patsala 8. Ndi 23 patsala 20. Tipitirira mpaka liti? Mpaka 836,368?

Ayi, ndipo mvetsetsani chifukwa chake. Nambala ikagawika, zoigawa zimabwera ziwiriziwiri, china chaching'ono, china chachikulu, monga 36 ali 2 × 18, 3 × 12, 4 × 9, 6 × 6. Mukadutsa pa 6 × 6 mwayamba kubwereza zomwe zija chobwerera. Tsono 915 × 915 = 837,225, zomwe zaposa kale 836,369. Choncho sizingatheke kuti zoigawa zonse ziwiri zikhale 915 kapena kuposa apo. Chimodzi chiyenera kukhala 914 kapena kutsika. Ntchito ya nambala zoposa 800,000 yatsika kufika pa 914.

Itsikanso. Palibe chifukwa choyesera 6 ngati 2 ndi 3 akanika, kapena 35 ngati 5 ndi 7 akanika. Tiyese nambala za prime zokha. Njira yozipezera anaisiya Eratosthenes, wobadwira ku Cyrene m'dziko limene lero ndi Libya, amene ankayang'anira nyumba yayikulu ya mabuku ku Alexandria zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. Njirayo imagwira ntchito ngati sefa ya ufa: wosalala umagwa pansi, misere imatsala pamwamba, kungoti pano chimene tikufuna ndi misereyo. Lembani nambala kuyambira 2 mpaka 914. Siyani 2, khwatchani 4, 6, 8 ndi zonse za mu thebulo la 2. Siyani 3, khwatchani zonse za mu thebulo la 3. Yotsatira yosakhwatchidwa ndi 5, chitani chimodzimodzi. Kenako 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29. Mukasefa ndi khumi zimenezi mwamaliza, pakuti 31 × 31 ndi 961, zomwe zadutsa 914. Pasefa patsala nambala 156, yoyamba 2, yomaliza 911.

Kugawa ka 156 ndi ntchito yotopetsa kwa munthu mmodzi. Koma aphunzitsi anzanga, kalasi ya ana 78 si yachilendo kwa inu. Mpatseni mwana aliyense nambala ziwiri, agawe 836,369 ndi iliyonse, alembe chotsala pabolodi. Piriyodi imodzi ikwana. Wa 139 apeza kuti patsala 6, wa 547 nayenso 6, wa 389 apeza 19, wa 911 apeza 71. Mmodzi akakuwa kuti kwa iye sipanatsale kanthu, musakondwe msanga. Mnzake abwereze, ndipo cholakwacho chipezeka. Palibe ngakhale imodzi mwa 156 zija imene imagawa 836,369. Ndi nambala ya prime. Ndipo ana aja akafunsidwa kuti adziwa bwanji, sanena kuti aphunzitsi anatero, kapena kuti foni yatero. Anena kuti tinayesa zonse zofunika kuyesa, ndipo tikudziwa chifukwa chake zinazo sizinafunike. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lembani tsono m'makope mwanu: 17,563,749 = 3 × 7 × 836,369. Palibe njira ina yoiphwanyira kukhala nambala za prime. Muyambe ndi 7 kapena muyambe ndi 3, mukafika pa zitatu zomwezi. Nambala iliyonse yoposa 1 ili ndi kaphwanyidwe kake kamodzi kokha, ndipo maziko a mfundo imeneyi ali kale m'buku la Euclid lotchedwa Elements, la zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, momwenso anasonyeza kuti nambala za prime sizitha.

Wina kumbuyoko akhoza kufunsa kuti zimenezi zimadyetsa ndani. Taonani kusiyana kwa ntchito ziwirizi: kuchulukitsa 3 × 7 × 836,369 ndi mphindi imodzi, koma kubwerera kuchoka pa yankho kukapeza zitatuzo kwatitengera kalasi yathunthu. Kupita n'kosavuta, kubwerera n'kovuta. Mu 1977 Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anamanga njira yobisira uthenga pa kusiyana kumeneku, yotchedwa RSA. Amachulukitsa nambala ziwiri za prime za madijiti mazanamazana, yankho lake n'kuliika poyera, podziwa kuti ngakhale makompyuta amphamvu sangabwerere kukapeza ziwirizo m'nthawi ya moyo wa munthu. Mauthenga ambiri a mabanki ndi a malonda a pa intaneti akhala akutetezedwa ndi njira imeneyi. Kusakasaka nambala za prime zikuluzikulu nakonso sikunathe. Mu Okutobala 2024 Luke Durant, mothandizidwa ndi makompyuta ambiri, anapeza ina ya madijiti 41,024,320. Munthu aliyense wa pa kalembera uja atalemba madijiti awiri a nambala imeneyo, kuyambira khanda mpaka agogo, patsalabe madijiti 5,896,822 osalembedwa.

Mfundo yachitatu: magulu amene nambalayi imalowamo.

Kaphwanyidwe kaja kakapezeka, zambiri zimangotsatira. Poyamba, nambala yathu si ya prime, poti ili ndi zoigawa zina. Yapangidwa ndi nambala za prime zitatu zosiyana, iliyonse kamodzi. A masamu nambala yotere amaitcha sphenic, ndipo yaing'ono kwambiri m'gulu limeneli ndi 30, amene ali 2 × 3 × 5. Nambala iliyonse ya gulu limeneli ili ndi zoigawa 8, osati 7, osati 9. Mwadziwa bwanji? Popanga choigawa, pa 3 muli ndi zosankha ziwiri, kumutenga kapena kumusiya. Pa 7 ziwiri. Pa 836,369 ziwiri. 2 × 2 × 2 = 8. Nazi: 1, 3, 7, 21, 836,369, 2,509,107, 5,854,583, ndi 17,563,749 mwiniwakeyo. Onani phompho limene lili pakati pa 21 ndi 836,369. Wofuna kugawa Amalawi onse a pa kalemberayo m'magulu ofanana ndendende akanatha kupanga magulu 3, magulu 7 kapena magulu 21. Akafuna magulu oposa apo, ndiye kuti alumphe mpaka magulu 836,369 a anthu 21. Maboma athu 28 sakanalandira anthu ofanana ngakhale wina akanafuna.

Poti ndatchula 28, ndikuuzeni za kagawidwe ka magulu kamene analemba Nicomachus wa ku Gerasa, mzinda umene lero uli m'dziko la Jordan, cha m'ma 100 Yesu atabadwa. Tengani nambala, phatikizani zoigawa zake zonse kupatula iyo mwini. Zikakwana ndendende nambalayo, ndi yokwana: 6 ali 1 + 2 + 3, ndipo 28 ali 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Zotsatira zake ndi 496 ndi 8,128; zimenezi n'zosowa kwambiri. Zikapitirira, ndi yosefukira, monga 12, amene zoigawa zake zimakwana 16. Zikachepa, ndi yoperewera. Yathuyi: 1 + 3 + 7 + 21 + 836,369 + 2,509,107 + 5,854,583 = 9,200,091. Zangodutsa theka pang'ono. Ndi yoperewera. Chiwerengero cha amuna chija, 8,521,460, chimagawika ndi 20, ndipo poti 20 ndi wosefukira, nambala iliyonse ya mu thebulo lake ndi yosefukiranso. Chiwerengero cha boma la Zomba, kupatula mzinda, chinali 746,724. Chimagawika ndi 12, ndiye nachonso n'chosefukira.

Pano pali funso limene mpaka lero palibe waliyankha. Nambala zonse zokwana zimene zapezeka zimagawika ndi 2. Kodi ilipo yokwana imene 2 saigawa? Papita zaka pafupifupi 2,000, makompyuta asaka mpaka kutali zedi, sanaipeze, komanso palibe amene wasonyeza kuti singapezeke. Mwana wa Fomu 1 atha kulimva funso limeneli bwinobwino. Muziwauza ana kuti masamu sanathe kulembedwa, pakuti ambiri amaganiza kuti mayankho onse ali kumapeto kwa buku.

Kodi nambala yathu ndi sikweya, kutanthauza nambala yochulukitsidwa ndi iyo yomwe? Mizere ija yatiyankha kale: ili pakati pa 4,190 × 4,190 ndi 4,191 × 4,191. Koma pali yankho lofulumira kuposa limenelo. Mu sikweya, nambala ya prime iliyonse imabwera ndi mnzake, pakuti imachokera mbali zonse ziwiri. Ngati 3 walowa, 9 ayenera kulowa. Kwa ife 3 analowa, 9 anakanika. Nkhani yathera pomwepo, osachulukitsa chilichonse.

Gulu lomaliza ndalisankha chifukwa cha mwini wake. D. R. Kaprekar, amene anabadwa mu 1905 n'kumwalira mu 1986, anali mphunzitsi wamba pa sukulu ina ku Devlali m'dziko la India, ndipo nthawi yake yopuma ankathera posewera ndi nambala. Iye ndiye anatcha dzina loti Harshad nambala zimene zimagawika ndi zophatikiza za madijiti ake, monga 18, amene amagawika ndi 1 + 8. Yathuyi madijiti ake anatipatsa 42, ndipo 42 sangaigawe poti 2 anakanika kale. Choncho si ya Harshad. Akatswiri a kwawo poyamba ankamuona Kaprekar ngati wongotaya nthawi, koma lero dzina lake lili m'mabuku a masamu padziko lonse. Analibe ofesi ku yunivesite. Anali ndi choko ndi kope, ngati inu.

Mfundo yachinayi, ndipo ndi yaifupi: zimene nambalayi singatiuze.

Ndanena kuti chiwerengero cha Amalawi n'choperewera, cha amuna n'chosefukira, cha Zomba n'chosefukira. Ndinaona ena mukumwetulira. Sekani ndithu, koma musakanene kunja kuti masamu asonyeza kuti dziko lathu n'loperewera. Onjezani mwana mmodzi yekha, wobadwira kuchipatala alembi atangodutsa: 17,563,750. Tsopano 2 walowa, 5 walowa, 10 walowa, ndipo anthu akugawika bwinobwino m'magulu 1,250 a anthu 14,051. Koma 3 watuluka, 7 watuluka, 836,369 watuluka, pakuti nambala ziwiri zoyandikana sizikhala ndi choigawa chofanana kupatula 1. Dziko silinasinthe, minda ndi yomweyo, nyanja ya Chilwa ili pomwe inali, koma zambiri za mfundo yachiwiri ndi yachitatu zagubuduzika.

Apa pali phunziro limene ophunzira ambiri amafika nalo ku yunivesite asanalimve. Kwa wokonza mapulani a boma, amene akuwerengera makalasi ndi mankhwala, madijiti ofunika ndi oyambirira: anthu pafupifupi 17.6 miliyoni. Dijiti yomaliza kwa iye ndi yofooka kuposa onse, pakuti kalembera amatenga masabata, ana akubadwa, ena akumwalira, ena ali paulendo. Kwa wofufuza zoigawa, dijiti yomalizayo ndiyo imagamula mlandu. Nambala ndi imodzi, mafunso ndi awiri, ndipo mwana ayenera kudziwa funso limene wafunsidwa asanayambe kuwerengetsa.

Mwina ena munaona kuti 203 watulukira kawiri: masiku owerengera anthu anali 203, ndipo njira ya 1,001 inatipatsanso 203. Kodi pali chinsinsi? Palibe. Zangochitika. Woyamba wachokera ku masekondi a tsiku, wachiwiri ku 7 × 11 × 13, ndipo ziwirizi sizidziwana. Mukaifunsa nambala mafunso ambiri, mayankho ena amafanana mwangozi. A juga ndi olosera amadyera pomwepo, kuuza anthu kuti nambala yakuti ili ndi mwayi poti yaoneka kawiri. Mwana amene anazolowera kufunsidwa kuti wadziwa bwanji sapusitsika msanga ndi zoterezi.

Ndikusiyirani ntchito ziwiri, ndipo a mkulu wa sukulu andilonjeza kuti bolodi ili salifufuta mpaka Lolemba. Yoyamba ndi ya aliyense: phwanyani 746,724 wa boma la Zomba mpaka mutsale ndi nambala za prime zokhazokha. Ndakupatsani kale 12. Njira ya 1,001 ikupatsani china, ndipo chotsalacho muchiyese ndi sefa, mutayamba mwapeza pamene muyenera kulekezera. Yachiwiri ndi ya olimba mtima: chiwerengero cha akazi, 9,042,289. Mupeza kuti 2 akanika, 3 akanika, 5, 7, 11 ndi 13 akanika, 17 ndi 19 nawonso akanika, ndipo pamenepo ambiri adzafuna kulemba kuti ndi ya prime. Musalembe. Yesani yotsatirayo.